Akakuuzani kuti musauze munthu

Ntchito yanga ndi ya ejenti. Ndili ndi kabenchi ndi ambulera pafupi ndi siteji ya maminibasi pa Mponela, ndipo tsiku lonse ndimakhalira kutumiza ndi kupereka ndalama za anthu pa foni. Munthu amene akuberedwa ndimamudziwa asanafike n'komwe pabenchi panga. Amabwera foni ili kukhutu, sadula, moni sapereka, maso ali uku ndi uku. Akafika amanong'ona kuti, "Ndiikireni ndalama pa nambala iyi." Ukamufunsa kuti nambalayo ndi ya ndani, amayamba wamvetsera kaye pa foni, chifukwa kumbali inayo kuli munthu amene akumuuza choyankha.

Nkhani yake sisintha kwenikweni. Umabwera uthenga woti mwawina galimoto, njinga yamoto kapena mamiliyoni pa mpikisano wa kampani inayake. Musanaganize bwino, foni yalira. Woyimbayo ndi waulemu, mawu ake ndi a muofesi, ndipo amakutchulani dzina lanu lonse. Ambiri amagonja pomwepo, poganiza kuti wakuba sangadziwe dzina lawo. Komatu dzina si chinsinsi. Aliyense amene wayamba kutumiza ndalama pa nambala yanu amaliona asanatsimikize, kenako n'kungosiya osatumiza. Akakukopani, amati pali kandalama kochepa koti mulipire: ka msonkho, ka mafuta oti galimotoyo ifike kwanu, ka mapepala. Mukatumiza koyamba, pamatuluka kachiwiri, kokulirapo. Ena safuna n'komwe kuti mutumize. Amangokuuzani manambala oti mudinde pa foni yanu, pomaliza n'kuika PIN, ndalama zonse n'kupita ndi dzanja lanu lomwe.

Nyengo yogulitsa soya ndi fodya ndi imene zimachuluka, chifukwa akubawo amadziwa kuti kumudzi kwalowa ndalama. Chaka chatha, nyengo ngati yomweyo, anabwera amayi ena achikulire amene ndimawadziwa nkhope, amatumizira mwana wawo wa ku sekondale ndalama pabenchi panga. Anamasula mfundo ya mpango, ndalama zili zopindapinda, foni aipanikiza ndi phewa.

Ndinati, "Amayi, mpikisanowo munalowa liti?"

"Akuti kompyuta yasankha yokha nambala yanga."

"Nanga bambo kunyumba mwawauza?"

"Ayi mwanawe. Andiuza kuti ndisauze munthu mpaka galimoto ifike. Akuti anthu ndi ansanje, angandichite chipongwe."

Ndinawapempha kuti andipatse foniyo ndilankhule ndi bwanayo. Atangomva mawu anga, anadula. Titayimbanso, nambala inali yozimitsa. Amayiwo anakhala pansi pamthunzi kwa nthawi, manja akunjenjemera, ndalama zili pamiyendo. Zinali za soya wa chaka chonse.

Chimene chimandipweteka pa nkhani zimenezi ndi mawu aja oti musauze munthu. Wakubayo sanawapeke yekha. Wawatenga m'mitima mwathu momwe. Tonsefe tinakula tikumva kuti ukapeza kanthu usaonetsere, kuli ansanje, kuli achibale amene adzakhamukire pakhomo, kuli akuba a usiku. Munthu akamva langizo limeneli pa foni amaona ngati woyimbayo akumufunira zabwino, pamene cholinga chake n'choti pasapezeke wina wofunsa funso losavuta lija: unalowa liti mpikisanowo?

Ndipo kunena zoona, mantha amenewa ali ndi maziko. Amene awinadi lotale amakumana ndi zoopsa. Nkhani imene sindiiwala ndi ya Abraham Shakespeare wa ku Lakeland, m'chigawo cha Florida ku America. Anali munthu wamba, wothandizira dalaivala wa lole, ndipo kuwerenga ndi kulemba kunkamuvuta. Mu November 2006 anawina madola 30 miliyoni, n'kusankha kulandira pafupifupi 17 miliyoni nthawi imodzi. Dzina lake linatuluka m'nyuzipepala, nkhope yake pa wailesi yakanema. Kuyambira pamenepo pakhomo pake sipankatha anthu. Uyu akuti ndilipirireni nyumba, uyu maliro, uyu ngongole ya bizinesi, ena oti sanawaonepo chibadwire. Iye anali wosatha kukana, ndipo patangotha zaka ziwiri gawo lalikulu la ndalamazo linali litapita.

Mu 2008 kunabwera mayi wina, Dorice Moore, amene ankadziwika kuti Dee Dee. Anati akufuna kulemba buku lonena za mmene anthu ankamudyera masuku pamutu. Taonani khomo limene analowera: anabwera ngati womuteteza kwa akuba. Pang'ono ndi pang'ono anatenga nyumba yake ndi ndalama zotsala n'kuziika m'manja mwake. Mu April 2009 Shakespeare anasowa. Moore ankauza anthu kuti mwamunayo wathawa chifukwa chotopa ndi opempha, ndipo ambiri anakhulupirira, poti zinali zomveka. Ankatumizanso mauthenga pa foni ya Shakespeare kuti achibale aziganiza kuti ali moyo, ngakhale kuti mwiniwakeyo kulemba kunkamuvuta. Mu January 2010 apolisi anapeza mtembo wa Shakespeare utakwiriridwa pansi pa konkire kuseri kwa nyumba ina ku Plant City. Moore anamupeza wolakwa pa mlandu wakupha mu 2012 ndipo ali m'ndende moyo wake wonse. Mu 2022 boma la Florida linakhazikitsa lamulo loti dzina la munthu amene wawina madola 250,000 kapena kuposerapo lisaululidwe kwa masiku 90.

Ndiye sindingauze munthu kuti akapeza mwayi azilengeza pamsika. Koma kubisira khamu n'kwina, kubisira aliyense n'kwinanso. Shakespeare sanafe chifukwa choti anali ndi anthu ambiri omudziwa basi. Anafanso chifukwa munthu mmodzi anamupatula kwa ena onse, n'kukhala yekhayo womulankhulira. Wakuba wa pa foni amachita zomwezo m'mphindi zochepa. N'chifukwa chake sakulolani kudula foni. Amadziwa kuti mukangopeza mpata wofunsa mkazi wanu, mwana wanu kapena aphunzitsi a pafupi, nkhani yake yatha.

Zimenezi si za kwathu kuno kokha. Ku Jamaica, makamaka cha ku Montego Bay, kunabuka magulu oyimbira nkhalamba za ku America kuti zawina lotale koma ziyambe zalipira msonkho. Zinafika poti mu 2013 dzikolo linakhazikitsa lamulo lapadera lothana ndi chinyengo chimenechi. Ena mwa anthu oberedwawo anali ophunzira bwino, ena anagwirapo ntchito zapamwamba. Ndimanena izi chifukwa kwathu kuno munthu akaberedwa timamuseka kuti ndi mbuli kapena wadyera. Ine pabenchi panga ndaona aphunzitsi, ndaona akuluampingo, ndaona anyamata odziwa foni kuposa ine. Kusekako n'kumene kumachititsa kuti woberedwa angokhala chete, osapita kupolisi, osauza ngakhale a m'nyumba mwake, ndipo nambala yomweyo mawa imayimbira wina.

Mu 2018, pamene bungwe la MACRA, loyang'anira za mafoni ndi mawailesi, linalamula kuti nambala iliyonse ilembetsedwe ndi chiphaso, ambiri tinkayembekeza kuti zimenezi zitha. Sizinathe. Akuba amalembetsa manambala ndi ziphaso za anthu ena, ndipo nyuzipepala zakhala zikulemba kuti ena mwa mafoniwa amachokera m'ndende momwe. Choncho ndimapempha anthu kuti asamabwereketse chiphaso chawo kwa munthu woti akalembetsere nambala, ngakhale atawapatsa ya sopo. Tsiku lina dzina lanu lidzapezeka pa nambala yobera, ndipo apolisi adzayambira pakhomo panu.

Kwa anzanga a ntchito ya ejenti, ndikudziwa kuti komishoni ndi imene timadyera, ndipo kufunsa kasitomala mafunso kumachedwetsa mzere. Ena amakwiya, amati ndalama ndi zanga, tumiza basi. Ine ndinasankha kuti munthu amene foni ili kukhutu sindimutumizira ndalama mpaka adule. Ndimamuuza mwaulemu kuti, "Achimwene, dulani kaye, muyimbire munthu mmodzi wa kwanu, mukatero titumiza." Mpikisano weniweni sulipiritsa wowina, sufunsa PIN, ndipo mphoto yake sithawa chifukwa choti mwadula foni kwa mphindi zisanu. Amene wakana kudula ndimamusiya apite kwa ejenti wina, koma ndimamulembera pakapepala nambala yovomerezeka ya kampaniyo kuti ayimbe yekha afunse ngati mpikisanowo ulipodi.