Lupanga loyamba ndinalikwecha ndi phulusa

Ife tinayamba ndi ziboliboli, pakashedi kathu m'mbali mwa msewu wa M1 pa Dedza. Za malupanga zinabwera ndi agogo ena ochokera cha ku Linthipe, atakulunga chinthu chachitali m'chitenje. "Mwanangu, malemu amuna anga anali ku Keyala. Ichi chimangokhala kudenga, tandigula."

Ndinagula. Madzulo ake ndinatenga phulusa ndi mchenga n'kulikwecha ngati mpoto, mpaka waliwali. Patapita masabata angapo mlendo wina wosonkhanitsa zinthu zakale analitembenuza kawiri, n'kufunsa kuti walipala ndani. Maluwa ozokotedwa pachitsulo ndinali nditawafufuta ndi manja angawa. Anapereka ndalama yosafika n'komwe pa imene ndinagulira, ine kakasi.

Koma asanakwere galimoto anandionetsa poyang'ana. Linali lupanga la maofesala a asilikali oyenda pansi a ku Britain, la mtundu wa 1897, lomwe azungu otsogolera King's African Rifles, Keyala ija, ankamangirira m'chiuno. Pachitsulo choteteza dzanja pamakhala zilembo za mfumu: VR ndi Victoria, amene anamwalira mu 1901, pomwe GR yokhala ndi V ndi George V, wa 1910 mpaka 1936. Pafupi ndi chogwirira pali kabatani kamkuwa pakati pa nyenyezi ya nsonga zisanu ndi imodzi. Likakhala lopangidwa ndi kampani ya Wilkinson ya ku London, pamsana pake pamakhala nambala, ndipo nambalayo imaulula chaka. Chogwiriracho n'chokutidwa ndi chikopa cha nsomba chokhakhala, chokulungidwa ndi waya. Ambiri ogulitsa malupanga abodza amagwidwira pomwepa, chala chimangotereramo ngati papulasitiki.

Abodzawo ndiye alipo. Ena amakwirira lupanga latsopano m'dothi lonyowa kuti lichite dzimbiri, koma dzimbiri la dzulo ndi lofiira ndipo limatsalira m'manja, pamene la zaka zambiri ndi lakuda, lokhazikika.

Malupanga enieni sabwera kawirikawiri, chaka chimatha osaona ngakhale limodzi. Chimatidyetsa ndi ziboliboli zomwe zija. Mikondo ya Angoni a kwa Gomani ndimakana kugula, imeneyo ndi ya pabanja, yovinira ngoma.

Mwezi wathawu mnyamata wina anabwera nalo lina, sandipepa ali m'thumba. Ndinamulanda sandipepayo, n'kumupatsa kansalu ndi mafuta a makina osokera.