Mlimi akalemba fetereza, tsamba limve kuti akufuna feteleza

Kwa miyezi ingapo tsopano ndakhala ndikuthandiza kusamalira tsamba la pa intaneti limene limasunga nkhani za ulimi m'Chichewa, ndipo tsiku lina ndinatsegula mndandanda wa mawu amene anthu anasaka koma osapeza kanthu. Zimene ndinaona zinandikhudza mtima. Pamwamba penipeni panali mawu akuti "fetereza", pamene ife nkhani zathu zonse tinazilemba kuti "feteleza". Pakamwa pa Mchewa l ndi r sizilekana kwenikweni, koma makina osakira amawerenga chilembo ndi chilembo, choncho mlimi amene anatha bandulo yake pofuna kudziwa nthawi yothira feteleza wobereketsa anauzidwa kuti nkhaniyo palibe, chikhalirecho ilipo.

Tsambali limasaka ndi Apache Solr, pulogalamu imene inayambira ku kampani ya CNET mu 2004 n'kuperekedwa ku bungwe la Apache mu 2006. Solr imatha kuzindikira tsinde la mawu m'Chingerezi, m'Chifalansa ndi m'zinenero zina zambiri, koma Chichewa mulibemo. Komanso Chichewa chimasintha mayina kumayambiriro osati kumapeto, moti makinawa sadziwa kuti mlimi ndi alimi, munda ndi minda, kapena khasu ndi makasu ndi chinthu chimodzi. Zonsezi munthu amayenera kuwauza yekha m'fayilo yotchedwa synonyms.txt.

Kalembedwe kake n'kosavuta. Mawu ofanana amalembedwa pamzere umodzi, olekanitsidwa ndi chizindikiro cha koma (,), monga "feteleza, fetereza" kapena "mbatatesi, kachewere", ndipo wosaka limodzi mwa mawuwo amapeza nkhani za onse. Palinso mzere wokhala ndi chizindikiro cha =>, umene umayenda mbali imodzi yokha, ndipo phindu lake ndinalidziwa nditalakwitsa kale. Poyamba ndinalemba "mbozi, ntchemberezandonda" ngati mawu ofanana, ndipo aliyense wosaka ntchemberezandonda ankalandiranso nkhani za mbozi za m'kabichi ndi m'tomato, pamene iye nkhawa yake inali pa chimanga chimene masamba ake aboolekaboleka. Ntchemberezandonda ndi mbozi ndithu, koma si mbozi iliyonse imene ili ntchemberezandonda. Nditasintha mzerewo kukhala "mbozi => mbozi, ntchemberezandonda", wofunsa za mbozi anayamba kupeza zonse, ndipo wotchula dzina lenileni la chilombocho anayamba kupeza chokhacho chimene akufuna.

Mawu ena ndinawasiya dala osawakhudza. Mtengo ndi wa mango umene uli pakhomo, komanso ndi ndalama zimene munthu amalipira pogula thumba la mbewu, ndipo kuwamangiriza ku mawu ena alionse kukanasokoneza theka la anthu osaka. Mbatata nayonso sindinaiphatikize ndi mbatatesi, ngakhale mayinawa akumveka ngati pachibale, chifukwa wobzala kholowa ku Chikwawa ndi wolima kachewere ku Dedza sakufunsa funso limodzi.

Ndinasankha kuti mawu ofananawa azigwira ntchito pa nthawi imene munthu akusaka, osati pa nthawi imene nkhani zikusungidwa, chifukwa njira yachiwiriyi imafuna kuti nkhani zonse ziwerengedwenso ndi makina nthawi iliyonse ndikawonjezera mzere. Za chilembo cha ŵ sizinafune fayiloyi n'komwe, popeza Solr ili ndi sefa yotchedwa ASCIIFoldingFilter imene imachititsa kuti Malaŵi ndi Malawi ziwerengedwe mofanana.

Chimene ndimakana ndi kukopera mawu ofanana kuchokera m'dikishonale n'kuwathira m'fayilomo onse, pakuti mawu oyenera kulowamo ndi amene alimi eniake amalemba pa foni zawo. Lolemba lililonse ndimatsegulanso mndandanda uja wa zosapezeka, ndipo sabata ino ndapezamo "anankafumbwe" ndi "nankafumbwe", pamene nkhani yathu yosamalira chimanga m'nkhokwe inangotchula kuti tizilombo.