Tinakaponda tokha pa sukulu za bizinesi tisanalembetse

Tinanyamuka pa Chitakale m'mbandakucha, phiri la Mulanje litafunda nkhungu mpaka m'munsi. Tinalipo anthu 14 a gulu lathu la achinyamata. Tonse tili ndi MSCE, ena ya chaka chatha, ena yakhalitsa m'chikwama, ndipo ambiri timadyera geni. Wina ali ndi kabenchi ka Airtel Money, wina amapikulitsa zinanazi, ine ndimalemba mabuku a banki mkhonde ya amayi a m'mudzi mwathu. Ya minibasi tinasonkha miyezi iwiri. Anatiperekeza ndi aphunzitsi athu akale a masamu, amene anakaniratu kutisankhira sukulu. Anati tikaone ndi maso athu, tikafunse ndi pakamwa pathu.

Tinadzera msewu wa Midima n'kukhotera ku Nguludi, m'boma la Chiradzulu, kumene kuli Catholic University of Malawi. Inatsegulidwa mu 2006 pamalo pomwe kale panali koleji ya aphunzitsi ya Montfort. Malo ake ndi a phee, mitengo mbali zonse, moti munthu ungawerenge tsiku lonse osamva hutala ya galimoto. Anzanga atatu anagwa nayo m'chikondi pompo. Poti si ya boma, pepala la fizi tinaliwerenga kawiri, aliyense akuwerengetsera chamumtima.

Ku Chichiri tinafika dzuwa litakwera. MUBAS, yunivesite ya boma ya maphunziro a bizinesi ndi sayansi, ili m'mbali mwa msewu wa Masauko Chipembere, ndipo aphunzitsi athu ulendo wonse ankangoitchula kuti Poly, dzina la nthawi imene inali nthambi ya University of Malawi isanaime payokha mu 2021. Kunena zoona, nditaona unyinji wa ophunzira ukutuluka m'makalasi mtima wanga unalumpha. Anatifotokozera kuti kulowa digiri m'mayunivesite a boma kumadzera ku NCHE, bungwe la boma loyang'anira maphunziro a m'makoleji ndi m'mayunivesite, pamafunika makirediti 6 kuphatikizapo Chingerezi, ndipo ku maphunziro a akaunti ndi bizinesi masamu amawayang'anitsitsa. Ena mwa ife anangoti zii.

Koma chimene chinandikhalira mumtima sichinachokere mu ofesi. Panja tinakumana ndi mtsikana wa chaka chachitatu, kwawo ku Luchenza, amene atamva kuti tachokera ku Mulanje anakhala nafe pa kapinga. Anatulutsa kope lakuda m'mphepete chifukwa chogwiridwagwiridwa. Tsamba lililonse linali mwezi umodzi: lendi ya chipinda chimene amagawana ndi mnzake ku Chitawira, makala, ufa, sopo, bandulo ya intaneti, kupulinta ntchito za m'kalasi. M'munsi amalemba ndi bolopeni yofiira zimene zapelewera. Anati, "Achemwali, fizi mumaidziwa chaka chisanayambe. Izi ndi zimene zimabweza anthu kumudzi." Anatiuzanso za ngongole ya ophunzira yochokera ku bungwe la boma la HESLGB, kuti imathandiza ndithu, koma sikwanira zonse ndipo ukamaliza sukulu umabweza. Kope limenelo ndinalimvetsa msanga, chifukwa silisiyana ndi langa la banki mkhonde.

Kuchoka apo tinayenda wapansi kupita ku Ginnery Corner, ku Malawi College of Accountancy. Malowo si aakulu ngati kumene tinachokera, ndipo anzanga ena anayamba kuyang'ana m'mafoni. Ine m'pamene ndinatchera khutu. Kumeneko ndinamva bwino za njira ya mayeso a ICAM, bungwe la akatswiri a akaunti m'Malawi muno, ndi ya ACCA ya ku Britain. Munthu umakwera pang'onopang'ono, pepala ndi pepala, ndipo ukafika pena ukhoza kuyamba ntchito uku ukupitiriza. Kwa ine amene ndili ndi abale awiri ku sekondale, zimenezi zikutheka kusiyana ndi kukhala zaka zinayi ndisakulowetsa kanthu pakhomo.

Pobwerera tinaima ku Limbe chifukwa mnzathu wina anali atalipira kale ndalama yolembetsera pa kakoleji kena kapamwamba pa sitolo, atakopeka ndi zimene anaona pa Facebook. Anatilandira ndi manja awiri, timapepala tonyezimira aliyense kake. Aphunzitsi anafunsa mofatsa kuti, "Bambo, tingaone nawo kalata ya NCHE yovomereza maphunziro amenewa?" Mkulu uja anati bwana wachoka, kenaka anati kalatayo ili m'njira. Titatsika masitepe aphunzitsi anangoti, "Safunsa anadya phula." Mnzathuyo anakhala chete mpaka pa Bvumbwe. Zinandipweteka kwambiri, chifukwa ndalamayo ndikudziwa mmene anaipezera: kudzuka usiku kukapikula nthochi, miyezi itatu yathunthu. Ndi angati kwathu kuno alipira motero popanda wowafunsira?

Tinabwerera msewu wa Thyolo, minda ya tiyi ikuda ndi chisisira, mu minibasi muli mkangano wokhawokha. Anyamata awiri akuti Chichiri basi, zivute zitani, ndipo mapointi awo akuwalola. Atatu aja akadali ndi Nguludi. Awiri agwirizana zokalembanso masamu kuti apeze kirediti. Tinapangana kuti mlembi wa gulu alembe mayina a makoleji ovomerezeka ndi NCHE, tikamate kutchalitchi, kumzikiti ndi pamsika.

Kunyumba ndinapeza amayi akundidikira ndi nsima yovundikira. Anafunsa kuti, "Nanga mwanawe, wasankha kuti?" Ndinati ku akaunti, koma ndiyambe ndawerengera kaye. Usiku womwewo ndinatsegula tsamba latsopano kumapeto kwa kope langa, ndinalemba lendi, thiransipoti ya pa Chitakale mpaka Limbe, ndalama za mayeso. Loweruka ndikupita nalo kwa amalume ku Muloza.