Mpango wa apongozi

Timapepala tonyowa topukutira mwana ta m'sitolo tija n'tabwino ndithu, koma paketi yake siichedwa kutha, ndipo ndalama yake ndi yomweyo ya ndiwo. Ndiye ine ndinapita pa kaunjika pa Nchalo, n'kusankha masikipa a thonje lenileni, osati a nayiloni chifukwa amenewo samwa madzi. Ndinawadula tizidutswa tokwana chikhatho, atelala n'kupinda m'mbali kuti ulusi usamasosoke. Ntchito yake njosavuta: umaviika m'madzi owiritsa atazizira, kupukuta mwana, kuponya m'chidebe chotseka, kenako kuchapa ndi sopo, kuwiritsa, n'kuyanika. Dzuwa la kuno ku Chikwawa limaumitsa nsalu mphika wa nsima usanawire.

Tsiku lina mu Okutobala, nthawi ija kutentha kumapyola madigiri 40, kunabwera apongozi anga aamuna kuchokera ku Ngabu kudzaona mdzukulu. Anatsika pa kabaza thukuta lili kamukamu, jekete ili pathupi, poti iwo savula jekete ngakhale kutenthe bwanji. Ndinawayalira mphasa pansi pa mtengo wa nimu, ine n'kulowa m'nyumba kukatunga madzi akumwa.

Potuluka, ndinangoima chilili ndi kapu m'manja. Mdala uja anali atathothola kansalu kamodzi pachingwe, akudzipukuta nako. Pamphumi, m'khosi, kuseri kwa makutu, mpaka pakamwa.

"Mayi, timipango iti mwagula kuti? Kufewa kwake!"

Tsono mpongozi ungamuuze bwanji zimenezo? Ndinagwada, n'kuyankha chapansipansi kuti, "Timasoka tokha, bambo." Bambo a mwana anali pomwepo, koma anayamba kuyang'anitsitsa nkhuku ngati sanaionepo chibadwire.

Apongozi ananunkhiza kansalu kaja n'kuyamikira fungo la sopo. Anathothola kachiwiri kuti kameneko n'kopita nako kutchalitchi.

Zikanatha bwinobwino pakanapanda mwana wanga woyamba, wa zaka zinayi, amene pakamwa pake palibe chitseko. Anabwera kudzatsamira pabondo la agogo akewo.

"Agogo, inunso mwabiba? Imeneyo ndi ya kumatako kwa bebi."

Dzanja la apongozi linaima m'malere, kansalu kali lende. Anayang'ana pachingwe, anayang'ana chidebe chotseka chili pakhonde, kenako anayang'ana ine.

"Koma n'zochapa eti, mayi?"

"Eya bambo, zowiritsanso."

Anakhala kaye duu. Kenako anapinda kansalu kaja mwaulemu n'kuika m'thumba la jekete, amvekere mdzukulu ndi magazi awo omwe, palibe chachilendo. Nsima anadya bwino, koma posamba m'manja anakana thaulo langa, anangokutumula manja.

Sabata yatha atumiza uthenga kudzera kwa mwana wawo. Akuti akulu ampingo anzawo ku Ngabu akusirira mpangowo, ndiye ndisoke ina isanu, koma iperekedwe mwana wamkulu uja ali kusukulu ya mkaka.