Loweruka: tsiku losamala zowotchera nyama

Ntchito yayamba m'mawa dzuwa lisanakwere. Zowotchera nyama zikayamba kuchuluka pakhomo, chimene chimakwiyitsa mnzako wapabanja kawirikawiri sichikhala chiwerengero chake. Ndi utsi wolowa pawindo, mafuta odonthera pakhonde, ndi malo amene zitsulozi zalanda.

Choyamba phulusa. Lamakala limasunga moto mkati ngakhale likuoneka lozima, choncho limafunika kudikira maola 48 lisanatayidwe, ndipo lithiridwe m'ndowa yachitsulo, osati yapulasitiki. Kulisiya m'chowotchera ndiko kulakwa kwakukulu: likanyowa limadya chitsulo, pansi n'kuchita dzimbiri mpaka kubooka. Chowotchera chobooka chili pabwalo, ndiye ukapemphe bwanji ndalama yogulira china?

Kenako chagasi. Sopo wotsukira mbale wasakanizidwa ndi madzi muyezo wofanana, n'kupakidwa papaipi ndi polumikizira silinda. Gasi watsegulidwa, moto osayatsa. Thovu likamafufuma pamalo ena, pamenepo pakutuluka gasi. Tsekani, mangitsaninso, ndipo ngati paipi yang'aluka gulani ina, osaimata. Silinda ikhale choimirira, panja, pamthunzi. Kathireyi kolandira mafuta pansi nakonso katsukidwa, chifukwa mafuta akaunjikana m'menemo ndiwo amabutsa moto wosayembekezereka.

Masana kunali kusuntha malo. Chowotchera chilichonse chikhale mamita atatu kuchokera kukhoma la nyumba, kumbali imene mphepo imathamangitsira utsi kutali ndi mawindo ndi chingwe choyanikapo zovala. Chofukizira nyama ndicho chovuta kwambiri pankhaniyi, poti chimatulutsa utsi maola ambiri pamoto wochepa wa madigiri 110 mpaka 120. Zofunda zikanunkha utsi umenewo, mlandu wake suthera tsiku limodzi. Kulowetsa makala oyaka m'nyumba kapena m'galaja pothawa mvula kokha ayi, mpweya wake umapha ndipo sununkha.

Mawaya owotcherapo akwechedwa akadali ofunda, n'kupakidwa mafuta ophikira pang'ono ndi kansalu. Amene amakwecha ndi bulashi yawaya aziyang'anitsitsa pomaliza, timawaya tothothoka timakakamira pa nyama. Chophimba chivekedwe chitsulo chitazizira ndi kuuma, apo ayi chimatsekera chinyezi mkati.

Za kugula chatsopano, mfundo yomwe imagwira ndi iyi: chilichonse chikhale ndi ntchito yakeyake. Chagasi n'cha chakudya chachangu pakati pa sabata, chamakala n'cha fungo, chofukizira n'cha nyama yolimba yofuna nthawi. Chobwera kudzachita ntchito yomwe china chikuchita kale, chakalecho chigulitsidwe kaye, ndipo mtengo unenedwe chinthu chisanafike pakhomo.

Madzulo chamakala chayatsidwa, makala atakankhidwira mbali imodzi kuti nkhuku ipse pang'onopang'ono kumbali yopanda moto, chivindikiro chili chotseka, mpaka mkati mwa ntchafu mutafika madigiri 74. Chowotcha lero anasankha ndi mayi akunyumba, mbale n'zotsuka wowotchayo.