Mutu utakhazikika, tinatsala pang'ono kuiwala thupi

Achimwene anga akhala akumwa mankhwala a matenda a maganizo otchedwa schizophrenia kwa zaka zingapo, ndipo ndine amene ndimawaperekeza kuchipatala mwezi uliwonse kuchokera kwathu cha ku Linthipe. Poyamba ife apabanja tinkangoyang'ana ngati akugona usiku, ngati mawu amene ankawamva okha aleka, ndiponso ngati asiya kukayikira kuti anthu akuwapangira chiwembu. Zimenezi zitachepa, mitima yathu inakhala pansi.

Anayamba ndi chlorpromazine, amene ankawagonetsa mpaka dzuwa kukwera ndi kuwachititsa chizungulire akaimirira mofulumira. Atawasinthira ku haloperidol, manja anayamba kunjenjemera, khosi linauma ndipo dovu linkangotuluka. Ena m'mudzi ankati ndi chisanu cha Dedza, ena ankanong'ona za ufiti, koma adokotala atawaona anati vuto ndi mankhwalawo, choncho anachepetsa mlingo ndi kuwonjezera benzhexol, amene ambiri amamudziwa kuti Artane.

Chimene chinatipusitsa kwambiri chinadza atayamba olanzapine. Kunjenjemera kunatha, njala inakula, ndipo nsima ndi kachewere zinkalowa popanda kukakamiza. Amayi anakondwera poona mwana wawo akudzaza malaya, pakuti kwathu munthu wodwala akanenepa timati wachira. Sitinkadziwa kuti mankhwalawa, pamodzi ndi ena monga clozapine, amanenepetsa ndiponso angathe kukweza shuga ndi mafuta m'magazi mwakachetechete, munthu osamva kupweteka paliponse. Tinadzidzimuka atayamba kumva ludzu losatha ndi kudzuka kangapo usiku kukataya madzi. Atawayeza, shuga anapezeka wokwera.

Mu 2022, bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linati schizophrenia imagwira pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu 300 alionse, ndipo odwalawa amamwalira msanga kuposa anthu ena, kawirikawiri chifukwa cha matenda a mtima, a shuga ndi ena a m'thupi. Mwa kuona kwanga, china chimene chimachititsa n'chakuti wodwala wotere akadandaula za thupi lake, anthu amati ndi mutu womwewo ukuyankhula.

Masiku ano sindichoka kuchipatala achimwene asanakwere pa sikelo ndi kuyezedwa BP, ndipo ndimapempha mwaulemu kuti zonse zilembedwe m'kabuku kawo ka kuchipatala, kuti aliyense wowaona mwezi wotsatira athe kuyerekeza. Shuga timayezetsa pakapita miyezi ingapo. Kunyumba ndimawayeza m'chiuno ndi tepi ya telala, ndimaonetsetsa ngati milomo ndi lilime sizikugwedezeka zokha, ndipo ndimawafunsa ngati akuchita chimbudzi bwinobwino, nkhani imene mlongo safunsa mosavuta.

Tsiku lina anandiuza kuti akufuna kusiya mankhwala chifukwa atopa ndi kulemera kwa thupi. Ndinawayankha kuti, "Achimwene, musasiye panokha, matenda angabwerere, tiyeni tikawafotokozere adokotala zonsezi." Tinapitadi Lachiwiri lotsatira, mankhwala anasinthidwa pang'onopang'ono, ndipo tsopano abwerera kudimba kukathirira kabichi m'mawa uliwonse, ngakhale kuti fodya akuvutikabe kumusiya.