Abwana ndi achiwiri awo anakana kuonekera limodzi pa webusaiti

Webusaiti ya kuntchito kwathu imayenda pa Plone, pulogalamu yoyendetsera nkhani ndi masamba a webusaiti, ndipo Plone imasunga katundu wake mu ZODB, database ya Python yomwe imasunga ma object m'malo mwa matebulo. Nkhani, mafoda, mayina a anthu olowa, zonsezi zimakhala mu fayilo imodzi yotchedwa Data.fs. Zithunzi ndi ma PDF ndiye zimakhala padera, mu foda ya blobstorage. Vuto la Data.fs ndi loti silola mapulogalamu awiri kulembamo nthawi imodzi. Yachiwiri ikayesa imabwezedwa ndi LockError, poti yoyamba ija yagwira kale Data.fs.lock. Choncho anthu akachuluka pa webusaiti, simungangodzutsa Zope wachiwiri (Zope ndi seva imene Plone imayenderamo) kuti athandize mnzake. Pamafunika ZEO: seva imodzi imene imagwira Data.fs yokha, ma Zope onse n'kumapempha ma object kwa iyo kudzera pa netiweki. Wina akasintha object, ZEO imadziwitsa enawo kuti ataye yakale yomwe anasunga mu cache, nkhokwe yawo ya pafupi.

Tinali ndi makina awiri. Pa oyamba ndinaika ZEO pamodzi ndi Zope woyamba, client1, pa achiwiri Zope wachiwiri yekha, client2. Mu buildout.cfg, fayilo yofotokoza mmene zonsezi zimangidwire, gawo la seva limagwiritsa ntchito plone.recipe.zeoserver: mumalemba zeo-address, yomwe mwachizolowezi ndi port 8100, kenako file-storage ndi blob-storage. Ma client amagwiritsa ntchito plone.recipe.zope2instance, ali ndi zeo-client = on, zeo-address yomweyo, ndi http-address yakeyake, 8080 kwa woyamba, 8081 kwa wachiwiri. Zope wakale, amene ankayenda yekha popanda ZEO, muyambe mwamuzimitsa musanakopere Data.fs ku var/filestorage ndi zithunzi ku var/blobstorage. Data.fs.index ikatsala musadandaule, imadzimanganso yokha, kungoti fayilo ikakhala yaikulu zimatenga kanthawi. Kenako bin/buildout, bin/zeoserver start, ma client pambuyo pake.

Client1 anadzuka bwinobwino. Gawo lake ndinalikopera ku makina achiwiri, ndikusintha port yokha, n'kulemba bin/client2 fg. Zii. Sanadzuke, sanafe, sanadandaule. Anangokhala phee ngati minibasi yodikira kuti idzaze. Mu gawo lokoperalo zeo-address inali 127.0.0.1:8100, kutanthauza kuti client2 ankafunafuna ZEO m'makina ake omwe, momwe munalibe ZEO, ndipo client wa ZEO akasowa seva podzuka amayamba wadikira kaye osadandaula. Ndinaika IP ya netiweki yam'kati mbali zonse ziwiri, chifukwa seva nayo ikamamvetsera pa 127.0.0.1 simva wina wakunja. Pa firewall ndinatsegula 8100 kwa makina achiwiri okhawo. Apa musachite chibwana: ZEO 5 inachotsa njira yakale ya mapasiwedi n'kubweretsa SSL, njira yobisa ndi kuteteza zodutsa pa netiweki, ndiye ngati simunaike SSL, aliyense wofika pa port imeneyo akhoza kuwerenga ndi kulemba database yonse.

Kutsogolo ndinaika nginx, seva yolandira mapempho a alendo n'kuwagawira ma client awiriwo. Mukapanda kuiuza zina, nginx imagawa mosinthana: pempho ili kwa woyamba, lotsatira kwa wachiwiri. Ndinatsegula tsamba loyamba, mawu onse anali m'malo mwake, liwiro lokoma. Ndinapita kunyumba ndikuimba mluzu.

M'mawa mwake kunali msonkhano wa bodi, ndipo abwana aakulu anafuna kuonetsa webusaiti yothamangayo pa pulojekita. Ineyo anandikhazika pakona ndi laputopu, pafupi ndi tebulo la tiyi, malo amene sindinawadandaule.

"A IT, tatsegulani tsamba la utsogoleri lija."

Ndinatsegula. Dzina la abwana linalipo, maudindo awo onse, sukulu zonse anaphunzira. Pamalo pa nkhope panali kabokosi kopanda kanthu. Pambali pake, achiwiri awo akumwetulira mano onse panja, tayi ili bwinobwino.

M'chipindamo munali zii. Wina anatsokomola. Aliyense pa ofesi yathu, mpaka alonda a pageti, amadziwa kuti akuluakulu awiriwa moni wawo amapatsirana kudzera mwa sekilitale.

"Ndi netiweki, bwana," ndinatero, poti ndi mawu amene apulumutsa anthu a ntchito yathu kuyambira kalekale. Ndinadina Ctrl ndi F5. Abwana anatulukira, suti yakuda, nkhope ya ulemu wake. Achiwiri awo anasowa.

Wapampando wa bodi, bambo achikulire odekha, anavula magalasi. "Tabwerezaninso, mwanawe."

Ndinabwereza. Achiwiri anabwera, abwana anachoka. Ndinabwerezanso. Abwana anabwera, achiwiri anachoka. Apa tsopano anthu anaiwala ajenda. Mayi wina wa m'bodimo ankawerenga mokweza kuti "awa, awo, awa, awo," achiwiri aja akuyang'ana kudenga ngati nkhaniyo sikuwakhudza, ndipo abwana anandiyang'ana ndi diso lomwe limatanthauza kuti kontilakiti yanga ikutha mwezi uno.

"A IT, wakutumani ndani?"

"Palibe, bwana."

"Nanga kompyuta yadziwa bwanji?"

Funso limeneli sindinaliyankhe. Ndinanyamula laputopu n'kutuluka, ndipo pofika pa khonde nkhani inali itanditsogolera kale. Adalaivala anandikokera pambali n'kundinong'oneza kuti zoterezi si za sukulu, kwawo kuli munthu amene amazitha, mtengo wake nkhuku yoyera. Mayi a ku akaunti anati iwo aziika m'mapemphero a nkhomaliro. Sekilitale yekha ndiye ananena chinthu chothandiza, ngakhale ankanena mokalipa: kuyambira m'mawa akaika PDF, ulendo wina ikulowa, ulendo wina ikukana.

Yankho linali mu var/log/client2.log, mzere womwewo kutsika nawo tsamba lonse: POSKeyError, No blob file. Log ya client1 inali yoyera. Mu gawo lokopera lija munalinso mzere wina, shared-blob = on. Mzere umenewu umauza client kuti zithunzi asazipemphe kwa ZEO, akazitenge yekha mu foda ya blobstorage, poti iye ndi seva akuona foda imodzi. Kwa client1 izi zinali zoona, amakhala makina amodzi ndi seva. Client2 nayenso anakhulupirira, n'kumakayang'ana mu var/blobstorage ya makina ake, yopanda chithunzi ngakhale chimodzi. Mawu a tsamba ankabwera bwinobwino chifukwa amachokera mu Data.fs kudzera pa 8100. Tsono tsamba limodzi si pempho limodzi: browser imapempha chithunzi chilichonse pachokha. Zithunzi za akuluakulu awiriwo zinali zotsatizana, ndiye nginx inkapereka china kwa client1, chinacho kwa client2. Amene wagwera kwa client2 ndiye ankasowa. Za PDF ya sekilitale nazo ndi momwemo: client2 ankalemba fayilo mu foda yake n'kuuza seva kuti yafika, seva poyang'ana mu foda yake osaipeza, commit n'kulephera.

Njira zokonzera ndi ziwiri. Mukhoza kugawanadi foda ija pa NFS, njira yogawanira mafoda pa netiweki, makina onse aione ndi kulembamo ndi user wofanana. Kapena mulembe shared-blob = off kwa client wakutaliyo, kuti zithunzi zizidutsa pa ZEO, foda yake ingokhala cache. NFS imathamanga pa mafayilo aakulu, koma ndi chinthu chinanso choti chizikugwerani usiku, ndiye ine ndinasankha yachiwiri. Ndinasintha mzere, bin/buildout, n'kudzutsa client2.

Anakana kudzuka. Ulendo uno analankhula ndithu: foda yasankhidwira layout ya zeocache koma chizindikiro chomwe chilimo ndi cha bushy. Poyamba paja, client2 anali atasiya kafayilo kobisika kotchedwa .layout mu foda yopanda kanthu ija, kolembedwa bushy, kamene ndi kakonzedwe ka blobstorage yeniyeni. Cache imakonzedwa mwina, ndipo ZODB silola kusakaniza. Apa n'kuti adalaivala ataima pakhomo akufunsa ngati apite kukagula nkhuku ija msika usanatseke. Ndinapanga foda yatsopano, var/blobcache, n'kulozetsa blob-storage ya client2 kumeneko. Kukana kumeneku n'kwabwino, tisakunyoze. Cache ikaikidwa malire, client amafufuta mafayilo akale kuti apeze malo, ndiye tangoganizani atailozetsa ku blobstorage yeniyeni. Kafayilo ka .layout musakafufute pofuna kuti error ichoke.

Client2 anadzuka. Poyesa ndinalambalala nginx, kutsegula 8080 payokha, kenako 8081 payokha, tsamba lomwelo la zithunzi, n'kuikanso PDF kudzera pa aliyense. Kuyesa kumeneku n'kumene kumagwira matenda oterewa, chifukwa nginx ikakhala pakati imasakaniza wodwala ndi wamoyo. Ndinabwerera m'chipinda cha msonkhano tiyi atatha, masamusa atatsala mafuta okha pa mbale, n'kutsegula tsamba lija. Akuluakulu onse awiri anaonekera, phewa ndi phewa. Wapampando anawomba m'manja n'kunena kuti zaka zonse akhala pa mpandowo, aka n'koyamba kuwaona awiriwa atagwirizana pa chinthu.

Madzulo abwana anandiitanitsa mu ofesi mwawo, chitseko n'kutseka. Anafuna kudziwa ngati chithunzi chawo chingadzasowe mpaka kalekale. Ndinawafotokozera kuti repozo, chida cha ZODB chotengera backup, imasunga Data.fs, ulendo woyamba yonse, maulendo otsatira zongowonjezekera, koma siikhudza blobstorage ngakhale pang'ono. Zithunzi zimafuna kuzikopera pazokha ndi rsync, kapena collective.recipe.backup yomwe imapereka bin/backup yotenga zonse ziwiri. Ndinaonjezera kuti Data.fs imangokula, poti chosintha chilichonse chimalembedwa kumapeto kwa fayilo, ndiye pamafunika bin/zeopack, yochotsa zakale zosafunikanso, sabata iliyonse pa cron (choyendetsa ntchito pa nthawi yoikika), disiki ili ndi malo okwanira fayilo yatsopano pambali pa Data.fs.old. Ankagwedeza mutu nthawi yonseyi, ndipo ndinkaona ngati tikumvana.

"Ndamva, a IT. Ndiye mwati makinawo ndi awiri?"

"Awiri, bwana."

"Chabwino. Chithunzi changa muchiike kawiri. China chikachoka, china chizitsala."

"Bwana, panopa sichingachokenso, chifukwa..."

"Kawiri. Cha anzathuwo chikhale chimodzi chomwecho."

Ndinachiika kawiri, china pamwamba, china pansi pa mawu a masomphenya a bungwe. Sabata yotsatira achiwiri aja ananditumizira memo, kudzera mwa sekilitale, yofunsa ngati bajeti ingalole makina achitatu.